Mpando wa Wailesi

Lolemba, 9 Juni

Mayeso olankhula Chifalansa ayamba. Chipinda chomwe chija chosungiramo mabuku, fungo la mphemvu lokhalokha. Mipando iwiri yoyang'anizana, ine pambali ndi foni, kujambula mawu. Lamulo lake: ana azicheza awiriawiri, mphunzitsi pakamwa tseke. Mawuwo timatumiza kwa oyesa, ndiwo amapereka malikisi.

Koma ana ena abale. Chaka chonse kudzipha kuphunzitsa, lero munthu kungoti kukamwa yasa. Mutu waphweteka. Malipiro sanalowebe.

Vuto ndi Nachete. Wocheza naye anali mnzake Wailesi, uja tinamuika m'manda pa holide. Kudwala pang'ono, basi wapita. Ubwenzi wawo unali wa ponda apa nane mpondepo, wina pakamwa posatsekeka, wina duu tsiku lonse. Nachete akalephera phunziroli, bungwe lomulipirira fizi limusiya. Amalume ake akudikira kale kuti azikawagulitsira m'golosale.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinamuuza alowe ndi anzake awiri, akhale atatu. Wapukusa mutu. Walowa yekha, wakonza mpando winawo, mpaka kuupukuta ndi mpango. Ndimati ndimukalipire, iye wayamba kulankhula.

Mayi wanga ine. Chifalansa chosalala, mwana woti moni weniweniyo timachita kumukoka pakamwa. Amalankhula, n'kudikira, maso ali pa mpando, n'kuyankha. Pena mpaka kuseka. Sindinamudule.

Lachitatu, 11 Juni

Ndamvetsera zimene ndinajambula zija pa nthawi yopuma, m'chipinda cha aphunzitsi. Pamene Nachete ankadikira paja pali mawu ena. Otsika, koma omveka. Ndi kukhosomola kuja Wailesi ankachita asanayambe kulankhula.

Ndapatsa mphunzitsi wa masamu kuti amve. Wavula mahedifoni msangamsanga, akuti wina ankanong'oneza pawindo. Ndamukumbutsa kuti chipinda chija chilibe windo. Wangoti oyesa akamva adzati n'kubera, mwana alephera, nanenso ntchito indithera pompo.

Chakudya changa ndapatsa mlonda. Ndikuopa, ndisaname.

Lachinayi, 12 Juni

Mayi ake a Nachete abwera, akadali m'yunifolomu ya ntchito yawo yokolopa. Manja akhakhala ndi sopo. Akuti amva kuti mayeso a mwana avuta. Sanalire, bola akanalira. "Aphunzitsi, ndili ndi yekhayu. Chitani chilichonse, asakathere m'golosale."

Ahedi avomera kuti abwereze mawa. Sindinawauze zonse, ndangoti mawu sanajambulike bwino. Akuti poti alibe mnzake, ndikhale pa mpando winawo ineyo, ndizimufunsa. Kunena n'kosavuta, iwo ali mu ofesi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndakiya chitseko ndekha. Ndasuzumira kuseri kwa mashelefu ngati wamisala. Palibe munthu.

Mpando uja wofunda, ngati wina wangonyamukapo.

Nachete wandiyang'ana nthawi yaitali, ngati ndakhalira chinthu chake. Funso loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Misozi lengelenge. Mumtima ndimvekere watha mwanayu. Ndiye ndalankhula mwachichewa, sindikudziwa ndimauza ndani: muthandize mnzako.

Nachete wakhosomola, kukhosomola kuja. Kenako wayankha zonse, ngakhale zimene sindinaphunzitse.

Ndamvetsera. Mawu awiri okha, anga ndi a mwana mmodzi. Oyera bwino, opanda wonong'oneza. Koma si a Nachete. Ndamuphunzitsa zaka zitatu, ndingasokoneze bwanji?

Oyesa sadziwa mawu a mwana aliyense. Ndinagwira foni mpaka belu kulira. Ndatumiza.

Lachitatu, 25 Juni

Malipiro alowa, atha. Nachete akulongolola m'kalasi, kugemula anyamata, kunditsutsa ine amene. Ana asuntha madesiki, amusiya pakati yekha. Wa masamu sakundipatsanso moni.

Lolemba, 7 Julayi

Zotsatira zatuluka. Nachete waposa onse. Ahedi kundigwira chanza pamaso pa aphunzitsi, ati ndine chitsanzo. Bungwe lalonjeza kumulipirira mpaka amalize.

Mayi ake anandidikira pageti. Aonda. Ndimayesa abwera kudzathokoza, ndinayamba kale kumwetulira, chitsiru ine.

Akuti kunyumba Nachete savomera akamuitana dzina lake. Akudya ndi dzanja lamanzere, zija za Wailesi. Dzulo anawafunsa mwaulemu ngati angapite kwawo tsopano, amayi ake akumudikira.

Ndawauza kuti ana amasintha akamakula. Bodza lake ndinalimva ndekha. Ndawauza za bungwe, za fizi, kuti golosale ija aiiwale. Amangondiyang'ana pakamwa. Kenako andigwira mkono, mwamphamvu, mpaka pano pakuwawa.

"Aphunzitsi, mulepheretseni. Akagulitse m'golosale, ndavomera. Mungondibwezera wanga uja wosalankhula."

Malikisi akatuluka sabwezedwa.