Chiswe m'Sutikesi ya Amayi Ako

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Pa 3 Epulo, chaka chimene ndinapuma pa ntchito yaukalaliki ku esiteti ya fodya, eni ake anandidula msonkho kawiri pa ndalama zanga zopumira. Ndisanapitirize, ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko. Ine kuno mawondo okha ndiwo akuvuta.

Kuti ndalamazo zibwerere, ndinayenera kulemba fomu ya msonkho ndi kupereka malisiti. Malisitiwo anali m'sutikesi ya malemu amayi ako, pamodzi ndi zitenje zawo. Chaka ndi chaka ndinkati ndiitsegula mawa, koma mtima unkakana.

Lachiwiri lapitali ndinalimba mtima. Ndinapeza chiswe chitadya mapepala onse, chitayambanso zitenje zija. Ndinakwerabe minibasi pa Namitete kupita ku ofesi ya msonkho, fomuyo ndinakalemba ndi kupereka. Mtsikana wa mu ofesimo anati, "Agogo, popanda malisiti tikuthandizani bwanji?" Ndinangobwerera kunyumba.

Chonde fufuza m'katundu wako, mwina pochoka unatengako lisiti limodzi. Mulungu akusunge, mwana wanga.

Ndine bambo ako, ndipo a msonkhowo akadali ndi ngongole yanga ya K412,600.