Disiki Imene Inaima pa 71

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli pakhonde, mwendo uja mutauwongola pampando monga anakuuzirani adokotala. Ndikudziwanso kuti Amayi akusuzumira paphewa panu. Amayi, werengani ndithu, koma musamulande munthu wanuyo pepalali asanamalize. Ine ndili bwino, kungoti chimfine cha m'chipinda chozizira cha maseva, makompyuta akuluakulu aja, sichindisiya. Juzi yanu yofiirira ikadali kuseri kwa chitseko, ndipo ndimaivala ngakhale manja ake amandipitirira.

Uthenga wanu wadzulo ndinaulandira. Munalemba mwachidule monga mwa nthawi zonse: "Disiki ya Nkhalamba yaima pa 71 peresenti kwa masabata asanu. Detabesi yogwira ntchito imakula. Fufuza." Ndinauwerenga nditaimirira pakati pa makabati a maseva. Palibe chofufuza, Bambo. Wolakwayo ndikumudziwa, ndi amene akukulemberaniyu.

Nkhalamba inazimitsidwa pa 1 Ogasiti. Inde, seva yanu ija, imene munaiyika ndi manja anu ine ndikadali mtsikana wosadziwa ngakhale kugwira mausi. Abwana anati yakalamba mopitirira, zipangizo zake sizikupezekanso, ndipo ananena zoona. Tinasamutsira detabesi yonse, nkhokwe ya zolembedwa zathu ija, ku seva yatsopano, ine n'kuwerenga mizere tebulo ndi tebulo, kawiri, monga munandiphunzitsira. Lachisanu limenelo masana ndinalemba lamulo lozimitsa. Mafani ataleka kuzungulira, pakona paja panangoti zii. Mnzanga wa netiweki, uja munkamutcha Mawaya, anavula chipewa n'kunena kuti, "Achemwali, pamaliro pano tiyambitse nyimbo iti?" Ndinaseka naye, kenako ndinakadzitsekera kubafa n'kulira.

Ndinafuna kukuimbirani tsiku lomwelo, koma mtima unakana. Mukukumbukira kapulogalamu kamene munalemba, kotumiza uthenga ku foni yanu seveni koloko m'mawa uliwonse: masiku amene seva yakhala ikuyaka, memori, disiki, ndiponso ngati kope la detabesi lasungidwa. Sitiroko itakuchotsani pantchito, ine n'kukhala pampando wanu, nambala yanu sindinaichotse pamndandanda. Amayi anandiuza kuti simukhudza tiyi uthengawo usanafike, ndipo mukauwerenga mumati, "Ili moyo," ndiye n'kupempha shuga.

Ndiye Loweruka lija, nthawi ikuyandikira seveni, ndinakuonani m'maganizo mutagwira foni ndi dzanja lanu labwinolo, tiyi akuzizira. Ndinatsegula laputopu, n'kulowa m'makina otumizira mauthenga, n'kulemba ndekha. Ndinati ndi lero lokha. Lero lokhalo lafika masabata asanu! M'mawa uliwonse ndimawonjezera tsiku limodzi, memori n'kumaisinthasintha kuti ioneke yeniyeni, ndikudziona wochenjera zedi. Koma disiki ndinaiiwaliratu. Ine, amene munandikhazika pansi ndi pepala la magirafu kuti ndiphunzire kuona kukula kwa disiki! Mawaya atamva anaseka mpaka kugwira pamimba. Akuti, "Mwa anthu onse padziko, munasankha kunamiza mdala ameneyo?"

Ndili ndi manyazi, Bambo. Tsiku langa loyamba pantchito munandiuza kuti makina oyang'anira akayamba kunama, ndi bwino kuwazula n'kumayendera seva ndi maso. Tsopano makina onamawo ndakhala ine. Ndinkadziuza kuti ndikukutetezani, kuti musadzione ngati nanunso mwazimitsidwa. Koma pali china chimene sindinakuuzenipo. Inu ndi ine sitinaphunzire kucheza nkhani ina. Ndikaimba, mumafunsa za Nkhalamba, ine n'kuyankha, kenako mumati, "Nawa amayi ako." Ndinaopa kuti seva ikapita, tidzangopatsana moni basi. Ndimakukondani, ndipo sindinkadziwa njira ina yonenera koma manambala aja.

Komabe mawu anu sanapite pachabe. Munati fufuza, ndiye ndinafufuza, seva yatsopanoyo. Sikirini yake inali yobiriwira yonse, yokongola ngati ya m'sitolo, koma nditalowa mkati ndinapeza gawo la disiki losungira malogi, mbiri ya zonse zimene makina achita, litadzaza kufika pa 88 peresenti. Posamuka paja ndinaiwala kuliikira chenjezo. Pakanatha masiku khumi, detabesi ikanaima anthu ofuna thandizo lathu ali pamzere. Ndakonza, ndipo abwana ndawauza amene anandidzutsa. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Munthu uja akugwirabe ntchito ali pakhonde?"

Funso limodzi likundivutabe. Munthu wa maso ngati inu, zoona zinakutengerani masabata asanu kuti muone nambala yosasuntha? Kapena munaona sabata yoyamba, n'kungokhala chete kudikira kuti mwana wanu alimbe mtima? Ngati ndi choncho, musandiyankhe, ndamva kale.

M'envulopumu mupezamo kapepala kamene kanamatidwa pamphumi pa Nkhalamba, kolembedwa ndi dzanja lanu lamanja lisanafooke: "Usazimitse usanandifunse." Ndinakamatula bwinobwino ndi lumo. Sindinakufunseni, Bambo, ndipo ndikupepesa.

Tsopano pempho langa. Nambala yanu ndaiika pamndandanda wa seva yatsopano. Manambala ake ndi oona, ndipo detabesi yake ikukula mofulumira kuposa mmene ndinkaganizira, choncho ndikufuna maso anu. Ilibenso dzina, Mawaya akufuna kuitcha Kamwana, chonde tipulumutseni. Mukakana, ndichotsa nambalayo popanda kudandaula, chifukwa ndikudziwa kuti ndakulakwirani.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mankhwala a chimfine ndikumwa. Moni kwa azakhali, ndi kwa anesi amene amabwera kudzakuwongolani dzanja, ndipo musamawakalipire. Kuyambira tsiku limene mulandire kalatayi, foni yanu izilira kawiri. Seveni koloko izikhala seva. Pakatha mphindi zisanu ndizikhala ine, ndipo sindidzakhala ndi nambala iliyonse yokuuzani. Muyankhe, Bambo, ndipo musafulumire kupereka foni kwa Amayi.

Ndine mwana wanu,
uja wovala juzi yanu.