Pa Mapu Analemba Kuti Ndi Njira

Lachiwiri, mwezi wa Okutobala. Kwatentha kwambiri, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Masana kunabwera a Saidi, aphunzitsi a kupulayimale kuno kwa Mposa. Amathandiza nawo kulemba mapu a mitsinje ya dziko lonse lapansi, amene akuti aliyense angathe kukonza pa foni. Amafuna ndiwauze mayina a timitsinje takwathu.

Ndinapempha kuti andionetse mtsinje wa Namilasi. Atafufuza anati, "Iyayi bambo, pepani. Apa analemba kuti ndi njira ya oyenda pansi."

Akuti munthu wina wakutali anaona chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba m'chilimwe. Ataona mchenga wokhawokha, analemba njira. Njira! Pomwe madzi anakokolola mkazi wanga Asiyatu m'dzinja lapitali, akuchokera kuchigayo ndi ufa pamutu.

"Tikonza lero lomwe," anatero a Saidi. "Mwina aboma adzaona kuti pakufunika mlatho. Kodi madziwo akasefukira amafika pati?"

Ndinapita nawo pa mkuyu wa kutsidya, n'kuloza nthambi yopitirira mutu wanga, imene tinapezapo chitenje cha Asiyatu. Iwo anayeza, nalemba, nathokoza. Sanafunse kuti ndadziwa bwanji, ndipo ine sindinanene.