Kanyumba koonera nyenyezi katizimitsira magetsi

Aphungu,

Ndatopa, ndipo ndikapanda kuuza munthu ndiphulika. Amuna anga amagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala. Masana amasuzumira tizilombo, madzulo amasuzumira nyenyezi, ife apakhomo ndiye sationa.

Chaka chatha anagula kanyumba koikamo chida chawo choonera nyenyezi. Ndi kapulasitiki, kotsika mtengo, denga lake lobulungira limayenda pa timatayala, ndipo lili ndi kachitseko kotsegukira kumwamba. Anakaimika kuseri, pakati penipeni pa khomo lakukhitchini ndi chimbudzi. Sindinadandaule, ndinati bola zimenezi kusiyana ndi mowa.

Vuto ndi mdima. Akuti diso limachedwa kuuzolowera, ndiye kuwala pang'ono kokha kumawabweza poyambira. Babu lapanja anagulula. Kuyatsa tochi ndi mlandu. Tsiku lina ndinangotsegula chitseko chakukhitchini, ndinamva kanyumbako kakukuwa, "Mayi a mwana, mwandithawitsira mlalang'amba!"

Koma pakhomo pano timakhala ndi amayi anga. Ndi okalamba, maso awo ali ndi ng'ala. Sabata yatha anapunthwa pa chingwe chamagetsi chopita ku kanyumbako, n'kugwera chiuno. Sananene, ndinangoona akutsimphina. Nditawapanikiza anati, "Mwanawe, usawavute apongozi, nyumba ndi yawo." Tsopano ndazindikira kuti dzuwa likapendeka sakumwanso madzi ngakhale tiyi, kuopa kutuluka panja. Milomo yawo yauma gwa. Dzulo andipempha kuti ndiwaperekeze kwa achimwene anga, omwe akukhala m'chipinda chimodzi ndi banja lonse.

Amuna angawo sakudziwa kalikonse. Si oipa mtima, koma munthu wakuchipatala osaona kuti apongozi ake akutsimphina? Kunena zoona, ndikumayang'ana nkhwangwa. Ndikagwetse kanyumbako?

E.C., kumapeto kwa tauni


Mayi E.C.,

Nkhwangwayo ibwezeni kaye. Amuna anu andikwiyitsa, koma inunso mwandikwiyitsa. Amayi akukubisirani, inu mukubisira bambowo, ndiye mwadzauza ine amene ndilibe babu ngakhale limodzi pakhomo panu! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene diso lake lili kumwamba sangalote zimene zachitika pansi.

Lero lomwe, masana, akhazikeni pansi. Musayambe ndi kunyoza nyenyezi zawo, mukangana mpaka kutsimphinako kuiwalika. Auzeni zakugwa ndi zamadzi, ndipo iwowo awatengere amayi kuchipatala akaonedwe chiunocho. Kugwa kwa munthu wokalamba si kongochiza ndi mafuta opaka. Kupepesa akapepese ndi pakamwa pawo, osatuma inu, chifukwa amayi akudziona ngati alendo m'nyumba ya mwana wawo.

Chingwecho chikwiriridwe pansi. M'mbali mwa njira yakuchimbudzi muikemo timababu tofiira, cham'munsi. Kuwala kofiira sikusokoneza kwambiri diso lozolowera mdima, ndipo bambowo akuzidziwa zimenezi kuposa ine. Anangochita ulesi. Aneba muwauziretu, angayambe kugogoda kufunsa ngati mwatsegula bala yamowa.

Koma woweruza akhale amayi, osati woonera nyenyeziyo. Ngati maso awo sakuona bwino njira, babu loyera libwerere pamalo pake, muliveke chivindikiro kuti lizingowalira pansi. Zikawavutabe bambowo, kanyumba kapulasitiki kamanyamulika, akasunthire kungodya ya mpanda. Chimbudzi ndiye sichisuntha.

Chenjezo langa ndi ili: musawaperekeze amayi kwa achimwene anu nkhaniyi isanakambidwe, ngakhale atanena kuti akungokacheza. Munthu wamkulu akaganiza kuti wasanduka mtolo sakangana ndi wina aliyense, amangopinda zovala zake mwakachetechete. Akatuluka pakhomopo ndi chikwama, ngakhale mudzayatse bwalo lonse sadzabweranso.

Aphungu