Anthu Anazunguliza Dzina la Vilém

Liberec,
Lolemba, mwezi wa Okutobala

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga kuchokera kumpoto kuno. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda? Nanga Bambo akutsokomolabe? Ine ndili moyo. Achimwene a Vilém nawonso ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, ndipo ndikupempha kuti zotsatirazi muwerenge mutakhala pansi.

Mukukumbukira kuti malume a Lubor anatuluka m'chipani chachikulu chija atayambana ndi akuluakulu ake. Chipani chawo chatsopano chinabadwira m'bala mwawo, momwe ndinkatsuka matambula. Anasonkhana eni masitolo, amakanika ndi ophika buledi, n'kugwirizana kuti akufuna misonkho yotsika, komanso kuti boma lileke kusowetsa mtendere munthu wodzilemba yekha ntchito. Anachitcha Chipani cha Odzidalira. Ine ndinayenda nawo khomo ndi khomo kusainitsa anthu mpaka anakwana chikwi, monga lamulo lifunira. Pa chisankho choyamba tinagwa chagada. Anthu ankatiseka kuti chipani chonse chingakwane pa tebulo limodzi, malo a galu n'kutsalako.

Chaka chino, pa chisankho cha khonsolo ya chigawo, malume analumbira kuti sagwanso. Dzina la a Vilém analiika kumunsi kwenikweni kwa pepala lovotera, kungodzazira malo. Kenako anawauza kuti aziima pabwalo la msika atavala zakuda zawo zosesera machumuni, kachipewa koyera kumutu, burashi paphewa. Mukudziwa mmene anthu amachitira akaona wosesa machumuni, aliyense dzanja pa batani kuti mwayi umugwere. Ine ndinkagawa gulashi, msuzi wanyama uja, pambali. Okalamba ankasiya mbale n'kukagwira mabatani a achimwene, malume akufuula kuti onani anthuni, mwayi uli kwa ife, enawo atsala ndi mabodza okhaokha.

Loweruka masana kuvota kutatha tinadzaza m'bala kudikira zotsatira. Chipani chinadutsa mavoti asanu pa zana lililonse, n'kupeza mipando iwiri. Amuna aakulu analira, ena anakwera pamipando n'kuyamba kuimba. Malume anali oyamba papepala, choncho anali atavala kale suti.

Msuweni wathu Hynek, mwana wawo wamkulu uja, ndiye anayamba kuona pa foni. Paja wovota amaloledwa kuzunguliza mayina anayi amene wawakonda, ndipo wozungulizidwa kwambiri amadumpha anzake. Anthu anazunguliza wosesa machumuni. Anazungulizanso dokotala wina wa ana, Mayi Vondrová. Malume anatsikira pachitatu, kunja kwa mipando.

A Vilém anaseka, poyesa nthabwala, nati iwo alibe ngakhale tayi. Bambo Patočka ophika buledi, atakhuta mowa, anati ulendo wina Lubor adzakwere yekha padenga, ngati lilipo denga loti n'kusenza mimba imeneyo. Bala yonse inafa nacho chiseko. Malume sanaseke. Anati achimwene ndi mbala, njoka imene anaifunditsa okha, mwana wa kumapiri amene anafika kuno nsapato zili zobooka. Achimwene anayankha mofatsa kuti malume, si ndinu munandiimika pabwalo ngati chidole?

Sanamalize bwino mawuwo. Hynek anawamenya kumaso ndi tambula yamowa, zokhuthala zija zokhala ndi chogwirira. Ndinamva kulira kwa fupa ndili kuseri kwa kauntala. Anagwa, mano awiri anagwera pansi, magazi n'kusakanikirana ndi mowa. Matouš, mng'ono wake wa Hynek, anayamba kuwaponda m'nthiti ndi nsapato za kuntchito. Amuna onse aja anangoima ndi matambula m'manja. Ine sindikudziwa mmene ndinafikira, ndinangopezeka ndawagonera pamutu. Nsapato imodzi inandipeza dzanja lamanzere, zala ziwiri zinathyoka. Malume anali chiimire akuyang'ana. Anangonena kuti basi anyamata pamene Mayi Vondrová anakuwa kuti aitana apolisi.

Kuchipatala anapeza nsagwada yothyoka pawiri ndi nthiti zitatu. Anawamanga mano ndi waya, moti amamwa msuzi wokha kudzera m'kapaipi. Apolisi atafunsa, iwo analemba kuti anagwa pamakwerero. Ndinawadandaulira, koma analembanso kuti sangamangitse ana a mlongo wa mayi awo.

Malume anabwera kuchipatalako ndi maluwa. Anati zonsezi ndi mowa, tiiwale. Kenako anatulutsa cholembera, nati achimwene asaine kuti akuukana mpando, chifukwa akaukana wolowapo ndi iwo malume. Anati chipani anachibereka ndi iwo, osati burashi, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Ine mumtima ndinati fupalo ndaliona likuthyoka. Achimwene anatembenukira kukhoma.

Chitulukireni m'chipatala sitinaone mtendere. Matayala a galimoto ya achimwene anachekedwa onse. Dzana njerwa inalowa pawindo n'kugwera pamene ndimakhala posenda mbatata. Dzulo ndinakumana ndi Hynek pokwerera basi. Anandifunsa ngati zala zikupola, akumwetulira, nati ndikauze wamwaye wangayo kuti masitepe a nyumba ya khonsolo ndi ambiri, munthu wopanda mawondo sangawakwere. Ntchito ya kubala ndasiya. Panopa ndikugona kwa achimwene, mpando titatsekera kuchitseko.

Ndinawapempha kuti angosaina, tibwerere kwathu. Anakana. Analemba kuti poyamba mpandowo sankaufuna n'komwe, koma anthu amene anazunguliza dzina lawo amawadziwa, analowa m'nyumba zawo zonse, ndipo sangakwerenso padenga la munthu atamugulitsa chifukwa cha tambula.

Khonsolo ikumana Lachisanu la sabata yamawa. Aliyense wosankhidwa amaimirira n'kunena yekha kuti ndikulonjeza, kenako n'kusaina. Achimwene amayeserera mawu amenewo pagalasi m'mawa uliwonse, mano ali chimangire. Amatuluka movutikira, malovu a magazi akutsika, koma amamveka.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani pa sitima ya Lachinayi la sabata yomweyo, mudzayende nawo kuchokera pakhomo pano mpaka pamwamba pa masitepe amenewo. Malume saopa apolisi, saopanso wansembe, koma inu munawalera agogo atamwalira, ndipo sindinawaonepo akukweza mawu inu mulipo. Hynek sangatukule dzanja azakhali ake akuyang'ana. Ine ndidzakhala mbali inayo, koma ndekha sindikwanira. Ndinayesa kulankhula ndi akazi a malume, koma ndinalephera. Chonde Bambo musawauze zonse, angabwere ndi nkhwangwa. Auzeni kuti achimwene apambana chisankho, pakuti zimenezo n'zoona.

Mundiperekere moni kwa Bambo, kwa mng'ono wanga Svatava ndi mwamuna wake, kwa azakhali a Blažena, ndi kwa kamwana ka Svatava kamene sindinakanyamulebe. Achimwene akuti ndikuuzeni kuti musalire. Ndidzakudikirani pasiteshoni, ndipo ngati bondo lavuta tidzayenda pang'onopang'ono, bola tidzafike tonse atatu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Bohdana