Kabokosi Kopanda Polowera Mawu

Lachiwiri, 3 Juni

Bokosi la mawu lafa, lija lolumikiza kompyuta ndi masipika. Ndayatsa m'mawa, kanyali kofiira kaphethira, kenako fungo la waya wopserera. Ndaligogoda, ndalipemerera, ndalitukwana. Zii.

Kanyimbo kotsatsa sopo kakufunika sabata yamawa. Pa kasipika ka m'kompyuta besi sakumveka n'komwe, ng'oma ikulira ngati chitini. Sindingapereke ntchito yomwe sindikuimva.

Koma sindinalilire. Bokosilo linali ndi mabowo a maikolofoni kutsogolo, ndipo lakumanzere penti inachoka chifukwa cha munthu mmodzi. Mkulu wanga. A Khosi la Golide, monga ankawatchulira atsikana m'mabala. Zaka zonse zija ine ndikupanga zoimbira, iwo akuimba. Nyimbo yathu itangoyamba kukondedwa anainyamula, ulendo kwa Wachipewa wa situdiyo ya makapeti uja, kukaijambulanso. Dzina langa osatchulidwa pena paliponse. Atawafunsa pa wailesi kuti anayamba bwanji, anati, "Ndinkayeserera ndekha m'kachipinda." Ndekha! M'kachipinda kanga kano, pampando wanga, akumwa tiyi wa mkazi wanga.

Lisiyeni life bokosilo, lapita ndi fungo lawo.

Lachitatu, 4 Juni

Ku shopu ya Mawaya masana. Bambo uja pakamwa pake sipatsekeka. Wandiyalira mabokosi awiri pa kauntala.

Loyamba ngati lakale lija. Mabowo a maikolofoni, la gitala, timabatani mbwee. Lachiwiri kakang'ono, kakuda, kolemera m'manja. Kumbuyo mabowo a masipika okha, kumanzere ndi kumanja. Kutsogolo la mahedifoni ndi kopotokola kokwezera mawu. Kamangotulutsa mawu, sikalowetsa.

Ndamvera onse ndi nyimbo yanga. Lalikululo ukakweza lili ndi kamluzu kapansipansi. Kakang'onoko mbee, ngati wina wakutsuka m'makutu. Ndikadina kiyibodi mawu akutuluka pomwepo, osachedwa. Ntchito imodzi basi, koma kakuigwira bwino. Mitengo yosasiyana kwenikweni.

Mawaya akuti, "Tengani lalikululi bwana, tsiku lina mudzafuna kujambula munthu." Ndamuuza kuti anthu ndinathana nawo. Gitala ndi ng'oma zanga zili m'kompyuta, sizimwa tiyi, sizithawira kwa Wachipewa.

Sindinagule. Ndati ndikaganize kaye.

Lachinayi, 5 Juni

Alamu, akazi a Golide, atulukira madzulo. Chiyambanire chathu anali asanapondeko pakhomo pano. Anakhala pamphepete pa mpando, chikwama atachifungata ngati pali wofuna kuwalanda.

Nkhani yake ndi iyi. Golide akufuna kumaliza nyimbo ya sitima ija tinaisiya pakati. Zoimbira zake zili m'kompyuta yanga mokha, kwina kulikonse kulibe. Akuti pakhosi pawo sipali bwino, Lolemba akukagonekedwa kuchipatala, ndiye akufuna aimbe Lamlungu.

Pakhosi! Pakhosi paja ndimapadziwa ine. Pankadwala tsiku lonyamula masipika, n'kuchira atsikana akafika. Ndinafunsa kuti nanga Wachipewa bwanji. Alamu anayang'ana pansi. Akuti chiyambire mawu awo kusasa, Wachipewa sakuyankhanso foni. Eya! Lero akumbukira kuti kachipinda kaja kanali ndi mwini wake.

Ndinati abwere Lamlungu. Mkazi wanga anamwetulira, akuyesa kuti mtima wanga wafewa. Za bokosi sindinatchule.

Tsopano ndadziwa loti ndigule.

Lachisanu, 6 Juni

Ndagula kakang'ono kaja. Mawaya kundifunsa mobwerezabwereza ngati ndamva kuti kalibe polowetsa maikolofoni. Ndamva, bambo, sindine gonthi. Akuti ndikasintha maganizo ndikabweze mawa asanatseke, andipatsa lalikulu. Lamlungu satsegula.

Ndapukuta tebulo. Mawaya akale onse m'katoni. Choimikira maikolofoni ndachiponya pamwamba pa wadiropu. Waya mmodzi ku kompyuta, ena ku masipika, ntchito yatha.

Mawu ake, mayo ine! Ndapeza kuti m'kanyimbo ka sopo besi anali atakwirira chilichonse, bokosi lakale linkandinamiza. Ndakonza. Ndatsegulanso nyimbo ya sitima, kungoti ndione. Gitala ija ikumveka mpaka kukwecha kwa chala pa nsambo. Ndinaimba ndine gitala imeneyo, tsiku lomwe iwo anati mutu ukuwapweteka.

Mawu owalandirira ndawakonza kale. Akadzasaka bowo n'kulisowa, ndidzati, "Yesererani nokha, akulu, si munazolowera?" Ndawayeserera pagalasi pometa ndevu. Akukoma.

Loweruka, 7 Juni

Mkazi wanga akusesa m'kachipinda anakanyamula kabokosi, n'kukatembenuza. Mayi uja sadziwa za nyimbo koma mabowo amawadziwa, anawaona zaka zambiri. Anandifunsa kuti, "Nanga akulu anu aimbira pati?"

Ndinati aimbire m'bafa, mumamveka bwino.

Mkangano mpaka phala kupserera. Akuti anakumana nawo pa siteji ya basi, kolala ya shati ikuwazungulira, mawu ngati akupala mphika. Ndati Golide sewero amalitha, akanapanda kuimba bwenzi ali wa zisudzo. Akuti ndine munthu wa mtima wa mwala. Ndati mwalawo anaumba ndani? Nthawi yomwe ankatchuka ine ndikutsatsa sopo, analipo wondimvera chisoni?

Anazula mawaya, n'kukabweza kabokosi m'katoni yake, n'kuika pakhomo pafupi ndi nsapato zanga. Ndinakatenga, ndinakalumikizanso, ndinakweza nyimbo mpaka mawindo kunjenjemera. Sindinazimitse kufikira nthawi yoti Mawaya watseka itadutsa.

Tadya aliyense payekha.

Lamlungu, 8 Juni

Golide abwera, ndi alamu pambuyo. Shati yoyera yositidwa, ngati akupita pa siteji. Botolo la madzi ofunda m'manja, maikolofoni yawo yakale ataikulunga m'kathawulo. Kuwonda n'koona, sindikana. Moni wawo wonong'ona. Kupepesa ayi ndithu, anangoti, "Kachipinda kaja sikanasinthe."

Ndinaika nyimbo ya sitima. Anatsinzina, phazi likugunda pansi. Itatha anati, "Kabokosi kabwino aka. Gitala yako sindinaimvepo chonchi." Zaka zonse zija sananenepo kuti gitala yako.

Kenako anamasula kathawulo. Analumikiza waya wake wa mano atatu ku maikolofoni, mapeto ena ali m'manja, n'kunyamula kabokosi. Kutsogolo. Kumbuyo. Pansi. Anakabweretsa pafupi ndi maso, akuyesa kuti maso ndi amene awalakwira. Kenako anandiyang'ana. Golide si chitsiru, mabokosi amawadziwa. Anafunsa kuti ndagula liti. Ndinati Lachisanu. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukabweza pamalo pake mosamala, ngati dzira.

Mawu anga aja sanatuluke.

Anandilozera kuti ndiyikenso nyimbo. Anaimirira, maikolofoni pakamwa monga kale, waya ali lende, mapeto ake ali pansi pa simenti. Mkazi wanga anatulutsa foni kuti ajambule, iwo anamukaniza ndi dzanja. "Sindinabwere kudzasiya mawu anga pa foni, alamu." Kunyada komwe kuja.

Anaimba yonse. Mawu osasa, pokwera akusweka, akumwa madzi pakati. Koma ndime yachitatu ija tinkaisowa anali nayo. Yonena za awiri amene anakwera sitima imodzi, wina n'kutsikira panjira osatsanzika. Akazi awo akulira pakona. Ine maso pa kompyuta ngati pali chomwe ndikujambula.

Anakulunga maikolofoni, anapita. Tiyi anamusiya osamwa.

Ndapambana. Ndikulemba pano kuti ndapambana.

Lachinayi, 12 Juni

A sopo alandira kanyimbo. Akuti kakumveka bwino kuposa zonse ndinawapangirapo. Ndiye kabokosi kalibe mlandu.

Mkazi wanga wabwera kuchokera kuchipatala maso ali psuu. Madokotala awachotsa Golide chotupa pakhosi, achotsanso pomwe mawu amatulukira. Kuimba kwatha. Kulankhula mwina m'tsogolo, ndi kachipangizo kogwiritsa pakhosi. Akuti Golide ankadziwa kale asanabwere kuno.

Ankadziwa! Nanga osanena bwanji? Alamu anangoti pakhosi sipali bwino. Sipali bwino ndi chimfine chomwe. Banja lonse lija n'lofanana, kubisa, kunyada, kenako mlandu n'kukhala wanga. Nayenso Mawaya, munthu wamkulu ndithu, kumagulitsa zinthu zopereweraperewera. Wachipewa ali ndi mabowo khoma lonse, bwanji osamutukwana iyeyo?

Mkazi wanga wati iye anandiuza Loweruka. Ndamuuza kuti atseke chitseko, ndili pa ntchito.

Kuchipatala sindinapite. Ndikanakalankhula chiyani, poti sangandiyankhe.

Lachisanu, 27 Juni

Sindinalembe kanthu masiku onsewa. Ntchito ilipo, ya mafuta ophikira. Sindinaiyambe.

Alamu anabwera m'mawa, sanalowe. Anandipatsira pakhomo kathawulo kaja, maikolofoni ili m'kati ndi waya wake. "Akuti ndi yanu, iwo alibe nayo ntchito." Ndinafunsa ngati ndime yachitatu ija anailemba penapake. Akuti ayi, Golide salemba, amasunga m'mutu. Atawafunsa dzulo anangotembenukira kukhoma.

Ndakhala ndikuisaka ndimeyo m'mutu mwanga. Kayendedwe kake ndikukakumbuka. Mawu ake ndatola oyambirira okha, ena onse anandidutsa, chifukwa nthawi yomwe ankaimba ine ndinali kalikiliki kukwiya.

Ndaika nyimbo ya sitima pa mahedifoni. Gitala, besi, ng'oma, zonse mbee. Pomwe payenera kulowa munthu pali malo, ndipo kabokosi aka n'kabwino kwambiri moti malowo akumveka. Lalikulu la kwa Mawaya lija bwenzi litawakwirira ndi kamluzu.

Mkazi wanga anandipeza masana nditagwira waya wa mano atatu dzanja ili, kabokosi dzanja linalo. Akuti ndinali ndikukatembenuza. Kutsogolo, kumbuyo, pansi. Ndinagula ndekha, ndikudziwa bwinobwino kuti bowolo palibe, koma zala zanga zikungolisakabe.