Azakhali achiyamikira chibangili cha bambo

Aphungu,

Ndili ndi chibangili chimene bambo anga anandilukira chaka chatha akudwala kale. Anapota luzi la makoko a kokonati, pakati n'kuikapo kachigoba konyezimira kamene anakapala okha. Anachilukira pamkono panga pomwepa, ndiye chilibe pomasulira. Kuti chichoke, pokhapokha kuchidula. Bambowo anatisiya patangopita miyezi yochepa.

Lamulungu lapitali kunali phwando la mpingo, ine n'kupita nditavala malaya a manja aafupi. Ndikupereka zilazi, azakhali anga a Lesieli, alongo awo a bambo, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Koma ichi ndiye chokongola, mwana iwe!" Anabwereza kachiwiri, anthu onse akumva. Mukudziwa kuti kwathu kuno munthu akayamikira chinthu chako umampatsa, nanji azakhali, amene mawu awo sabwezedwa. Ndinangoti, "Chalimba azakhali, ndidzabwera nacho kunyumba." Iwo anati, "Ndikudikira."

Aphungu, sindikufuna kuchipereka, ndinene zoona. Ndikachiyang'ana ndimaona zala za bambo. Koma ndili ndi pathupi pa miyezi isanu, ndipo wopatsa mwanayu dzina ndi azakhali omwewo. Akakwiya n'kukana, ndidzaloza kuti? Amuna anga a Sitani akungoseka, akuti, "Ku msika zadzaza zimenezo. Gula china, uchikwirire m'dothi sabata imodzi chiderepo, nkhalamba izindikira chiyani?" Ndichite zimenezi kodi?

S.F., Neiafu

Zikomo a S.F.,

A Sitani muwauze kuti nzeru zawozo akasodzere nsomba. Azakhali anu anakula akuona mlongo wawo akupota luzi, ndiye mfundo yake sangaisokoneze ndi ya pamsika. Ndipo mukawapatsa chabodzacho, chenichenicho muzikavalira kuti? Chilumba chathuchi n'chaching'ono, bodza silifika Lamulungu lachiwiri.

Cholakwa chanu ndi chimodzi. Chinthu chimene simungathe kupereka sachionetsa paphwando. Mukanavala malaya a manja aatali bwenzi tisakulemberana. Koma madzi akatayika saoleka, tiyeni tione za kutsogolo.

Pali china chimene mwina simunachiganizire. Mwati muli ndi pathupi. Amayi ambiri manja amatupa miyezi yomaliza, pomwe luzi la kokonati silitamuka. Yesani lero kulowetsa chala pakati pa chibangili ndi mkono. Chikalowa movutikira, dziwani kuti masiku ake pamkonopo atha, kaya azakhali anayamikira kaya ayi. Ngakhale popanda mimba, luzi lonyowa ndi sopo tsiku ndi tsiku limafumbwa n'kuduka lokha. Cholimba ndi chigobacho.

Ndiye chitani izi. Pitani kwa azakhali musanaitanidwe, pa tsiku lopanda alendo, mutanyamula dengu la zilazi ndi sizasi. Mukakhale pansi monga mwa ulemu wake. Mukawauze amene analuka, nthawi imene analuka, ndiponso kuti mtima ukukupwetekani. Musakayambe ndi kulira, angaone ngati mukuwakakamiza. Kenako muwapatse sizasiyo adule okha. Mwa mwambo wathu, ndi iwo anakudulani tsitsi pa maliro a bambo anu, choncho palibe dzanja lina loyenera ntchito imeneyi.

Akadula, mupemphe chimodzi mwa ziwirizo, luzi kapena chigoba. Luzi mungalisunge m'kansalu pamalo ouma. Chigoba mungachipititse kwa odziwa kuluka akulukireni chibangili china, koma ulendo uno achiikire pomasulira ndiponso chikhale chokhwepa pang'ono.

Sindikukulonjezani kuti akusiyirani. Mwina atenga zonse, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Zikatero zidzakupwetekani, sindikana. Koma kumbukirani kuti inu munataya bambo, iwo anataya mlongo amene anayamwa naye bere limodzi. Kodi inu munawafunsapo ngati ali ndi kanthu kalikonse kopangidwa ndi manja ake?

Chenjezo langa ndi lakuti musazengereze poganiza kuti aiwala. Azakhali saiwala, ndipo mkono sudikira. Mukachedwa, chibangilicho adzachidula ndi namwino wosawadziwa n'komwe bambo anu, tsiku limene simudzakhala ndi mphamvu zofunsa kumene wachiponya. Pitani sabata ino.

Aphungu